Ndani Akanamuuza Kuti Ayi?

Mawu atatu awa ndinawatola m'kalasi: chikapitolizimu, chisosholizimu ndi chikomyunizimu. Aphunzitsi a mbiri yakale anajambula mzere pakati pa bolodi, uku n'kulemba America ndi Britain, uko n'kulemba Soviet Union ndi China. Anati mbali yoyambayo munda, sitolo ndi fakitale zimakhala za munthu payekha, mtengo wa katundu n'kumachokera pamsika. Mbali inayo amati chuma n'cha anthu onse, boma ndiye msungi wake. Ndinaloweza bwinobwino, ndipo funsolo litabwera pa mayeso ndinalikhoza. Koma nditabwerera kwathu kuno ku Lifuwu, miyendo ili m'matope ndikuwokera mpunga, ndinazindikira kuti sindingathe kuloza pamene mudzi wathu uli pa bolodi lija.

Chinandiutsa maganizo ndi mkangano wa padooko. Tsiku limenelo kunali mwera, mabwato onse ali pamtunda, amuna atakhala pamthunzi kumvera wailesi. Bambo wina anati dziko lino likufunika chisosholizimu, boma litenge zonse ligawe mofanana, chifukwa olemera atimaliza. Mnzake anamudula pakamwa, nati kumeneko ndiye kudziitanira ulamuliro wankhanza, akomyunizimu sadziwa china koma ndende. Anakokanakokana mpaka dzuwa kupendeka. Ine ndinali chete, poti pagulu la akulu mwana sathamangira kulankhula. Atapuma ndinati, "Pepani akuluakulu, nanga Kamuzu anali mbali iti?" Woyamba uja anati anali kapitolisiti weniweni. Wachiwiri anati ayi, zochita zake zinali za chikomyunizimu. Aliyense anamukankhira kwa mnzake. Safunsa anadya phula, choncho ndinalinyamula funso langa kupita nalo kwa agogo.

Ndinawapeza pakhonde akupeta mpunga, mankhusu akuuluka n'kumatera pa chitenje chawo.

"Agogo, nthawi ya Ngwazi mpunga umene munkalima unali wa yani?"

"Polima unali wanga, amuna anga. Poingitsa mbalame unali wanga. Ukangolowa m'thumba unali ndi eni ake."

Anandifotokozera kuti ndime ya pasikimu sinali ngati munda wa makolo. Inali ya boma. Alangizi ndiwo ankanena tsiku lofesa nazale, tsiku lowokera ndi mbewu yoti ubzale, ndipo waulesi kapena wamakani ankalandidwa ndime n'kupatsidwa wina. Pokolola wogula anali mmodzi, msika wa boma. Mtengo unkabwera wogamula kale, zonenerera kunalibe. Komabe agogo sanalankhule ngati munthu wongodandaula. Anaika lichero pansi nati, "Komatu ankagula, sankathawa. Mwezi wa njala chimanga tinkachipeza pomwepo, pamtengo woti wamasiye n'kufikira. Khasu unkalisiya kumunda, mawa n'kulipeza."

Mumtima ndinati basi ndalipeza yankho. Nthaka ya boma, wogula ndi boma, mtengo wa boma: chimenechi si chisosholizimu chomwe chija? Ndinapita nazo kwa aphunzitsi ena opuma amene amakhala cha kunjira yotulukira kumsewu wa Senga Bay. Atandimva anapukusa mutu.

"Mwana wanga, mawu amenewo ukanawanena pagulu mu 1980, usiku wake sukanagona kwanu."

Anati Dr Hastings Kamuzu Banda ankadana ndi chikomyunizimu poyera. Maiko ambiri a mu Africa atatembenukira ku Beijing, iye kuyambira 1966 anagwirana chanza ndi Taiwan, ndipo alangizi a ku Taiwan anathandiza pa masikimu angapo a mpunga m'dziko muno. Mu 1967 anapalana ubwenzi ndi boma latsankho la South Africa, mu 1971 n'kukacheza komweko, ndipo ngongole yoyambira kumanga likulu ku Lilongwe inachokera kumeneko. Ntchito yachitukuko ya m'mbali mwa nyanja kuno ku Salima inayamba ndi thandizo la West Germany. Amalawi amene ankadzitcha asosholisiti anali kunja, m'gulu la LESOMA. Mtsogoleri wawo, Dr Attati Mpakati, anavulazidwa manja ndi bomba lobisidwa m'kalata ku Maputo mu 1979, ndipo mu 1983 anapezeka ataphedwa ku Harare.

"Nanga aphunzitsi, ngati sichinali chisosholizimu, phindu la mpunga wa agogo linkapita kuti?"

Apa anakhala tsonga. Anati bungwe la ADMARC linakhazikitsidwa mu 1971 kulowa m'malo mwa Farmers Marketing Board. Linkagula fodya, thonje, mtedza ndi mpunga kwa alimi ang'onoang'ono pamtengo wotsika, n'kukagulitsa kunja pamtengo wokwera. Gawo lalikulu la phindulo linkabwerekedwa kwa maesiteti a fodya ndi ku kampani ya Press Holdings. Mwini wake wa Press anali Kamuzu yemweyo. Kampaniyo inali ndi maesiteti, masitolo a PTC, ndiponso magawo m'mabanki. Fodya wa bale, amene anali ndi ndalama zenizeni, mlimi wamba sankaloledwa kulima mpaka 1990. Unali wa eni maesiteti, ambiri a iwo nduna ndi akuluakulu a chipani, ndipo mwana wa mlimi ankapitako ngati tenanti.

Pamenepa mutu wanga unaima. Ngati boma litenga thukuta la mayi wa ku Lifuwu n'kulipereka kwa onse, aphunzitsi a m'kalasi anati n'chisosholizimu. Ngati munthu wamalonda agula mwa ufulu n'kupindula, anati n'chikapitolizimu. Nanga ngati boma litenga thukutalo ndi lamulo, n'kulithira m'kampani ya munthu mmodzi, amenenso ndi mtsogoleri wa bomalo, dzina lake n'chiyani? Ndinafunsa chomwecho. Aphunzitsi anati dzina lisiye kaye, uyambe wawerenga zimene zinali m'dzanja la munthuyo.

Tinawerenga ndi zala. Mu 1966 Malawi anakhala dziko la chipani chimodzi. Mu 1971 Kamuzu anakhala pulezidenti wamuyaya. Apolisi anali ake, Apayoniya anali ake, wailesi inali imodzi, ndipo nyuzipepala yatsiku ndi tsiku inali yake. Munthu ankatha kutsekeredwa kundende ya Mikuyu zaka ndi zaka popanda kuonekera kukhoti. Milandu ya kupha ndi kuukira boma inapatsidwa kwa makhoti a mafumu, kumene loya sankaloledwa kuimira munthu. Kumeneko ndi kumene Orton Chirwa, amene anayambitsa nawo chipani cha Malawi Congress, anagamulidwa kuti aphedwe pamodzi ndi mkazi wake Vera mu 1983. Chilangocho chinasinthidwa kukhala ndende ya moyo wonse, ndipo Orton anafera m'ndende ya Zomba mu October 1992.

Ine ndinali nditaphunzira kuti ubwino wa chikapitolizimu ndi wakuti chako n'chako, palibe angakulande. Ndinawakumbutsa zimenezo. Anandiuza za lamulo la 1966 lotchedwa Forfeiture Act, limene linkalola boma kulanda nyumba, sitolo ndi ndalama za munthu aliyense amene lamuganizira, iye osaloledwa kukadandaula kukhoti. Amwenye anachotsedwa m'masitolo a kumidzi m'zaka za m'ma 1970. Aleke Banda, amene ankayendetsa Press yomweyo, anatsekeredwa mu 1980 n'kutuluka patapita zaka 12. Mu May 1983 Dick Matenje, Aaron Gadama, Twaibu Sangala ndi David Chiwanga, nduna zitatu ndi phungu mmodzi, anaphedwa ku Mwanza, dziko n'kuuzidwa kuti inali ngozi ya galimoto. Ndiye ngati nduna yokhala ndi galimoto ndi esiteti inkafa chotero, agogo anga akanadalira chiyani?

Nditabwerera kunyumba ndinawafunsa agogo za khadi la chipani. Analowa m'nyumba, natulutsa kachitini kosungiramo singano ndi mabatani. Pansi pake panali kapepala kothimbirira, kopindika pakati mpaka kung'ambika, zilembo zambiri zitafufutika. Anakagwira ndi manja awiri. Anati popanda kameneka sunkalowa mumsika, sunkakwera basi. Anyamata ankaima pakhomo pa msika, ena a iwo ana a m'mudzi momwemo amene unawaona akukwawa. Mayi woyembekezera ankamuuza kuti agulirenso khadi mwana wa m'mimba.

"Nanga mukanakana, agogo?"

Anayang'ana kumbuyo kwa nyumba asanayankhe, chonsecho zaka zoposa 30 zapita. "Amuna anga, ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata. Tinkaopana tokhatokha. Mlamu wako yemwe sunkadziwa kuti amamwera kuti tiyi."

Koma analipo okana. A Mboni za Yehova anati chikhulupiriro chawo sichiwalola kugula khadi la chipani. Analetsedwa mu 1967. Mu 1972 anawotcheredwa nyumba, kuchotsedwa ntchito, kumenyedwa, ena kuphedwa, ndipo zikwizikwi anathawira ku Sinda Misale ku Zambia ndi kutsidya kwa malire ku Mozambique. Tsono chimene chinandisokoneza kwambiri ndi ichi. Mozambique atalandira ufulu pa 25 June 1975, boma latsopano la Frelimo, limene linkatsata chisosholizimu, linawauza anthu omwewo kuti azikweza dzanja kutamanda chipani. Anakananso. Amalawi aja anabwezedwa kwawo kumene anathawa, ndipo a Mboni a ku Mozambique anatengedwa kukasungidwa ku misasa ya ku Carico, m'boma la Milange. Uku mtsogoleri wodana ndi chikomyunizimu, uko mtsogoleri wa chikomyunizimu. Zitheka bwanji kuti adani awiri alange munthu mmodzimodzi pa mlandu umodzimodzi?

Kunja kukayera bwino, pano pa Lifuwu timaona mapiri a kutsidya kwa nyanja. Kumeneko ndi kwa Makanjira, ndipo kuseri kwake ndi ku Niassa, Mozambique. Padooko pathu pali mkulu wina wosoka maukonde amene anachokera kumeneko nthawi ya nkhondo, nakwatira konkuno. Ndinakakhala pambali pake, ndikumugwirira chilimira chong'ambika, iye akusoka, chala chachikulu cha kuphazi chitakoka ukonde.

"Bambo, kwanu kuja chuma chinali cha anthu onse. Ndiye munathawa chiyani?"

Sanafulumire. Anayamba ndi zabwino. Anati Apwitikizi anawasiya anthu osadziwa kulemba dzina, ndipo mtsogoleri wa Frelimo, Samora Machel, anabweretsa sukulu za akuluakulu, katemera mpaka kumidzi, chipatala chosafunsa ndalama. Anati tsiku la ufulu analira misozi ya chimwemwe, ndipo mpaka lero sachita nazo manyazi. Kenaka mu 1977 chipani chinalengeza kuti chikutsata Marx ndi Lenin. Anthu anauzidwa kusiya midzi ya makolo, manda awo ndi mitengo yawo ya mango, kukakhala m'midzi ya mizeremizere yotchedwa aldeia comunal, n'kumalima munda wa onse. Mafumu anachotsedwa udindo. M'sitolo ya boma munalibe mchere kapena sopo. Pofuna kupita mudzi wina unkayenera kukhala ndi kalata yotchedwa guia de marcha.

"Ngati khadi?"

"Ngati khadi lanu lomwelo, mwanawe. Kusiyana chilankhulo basi."

Anandiuza zimene anaona ku Lichinga mu 1983, nthawi ya Operação Produção. Anthu ankatoledwa m'misewu ya Maputo ndi Beira chifukwa chosowa mapepala osonyeza kuti ali pantchito, n'kuwakweza ndege kudzawatula ku Niassa kuti akalime. Anati anaona mnyamata atavala nsapato zakuthwa za m'tauni ndi malaya opyapyala, akunjenjemera ndi chisanu cha ku Lichinga, atagwira khasu ngati mlendo. Chaka chomwecho boma linabweza chikwapu cha pagulu, chija anthu ankadana nacho nthawi ya atsamunda. Ku Niassa komweko kunali msasa wa M'telela, kumene Uria Simango, amene anakhalapo wachiwiri kwa mtsogoleri wa Frelimo, anasungidwa kenaka n'kuphedwa popanda khoti. Ndinakumbukira Orton Chirwa. Bwanji atsogoleri onsewa ankayamba ndi anzawo amene anamenya nawo nkhondo ya ufulu?

Ndinafunsa ngati tsono a Renamo, amene ankati akulimbana ndi chikomyunizimu, anawapulumutsa. Mkuluyo anasiya kusoka. Anati a Renamowo, amene iwo ankawatcha a Matsanga, amene anapatsidwa mfuti ndi Rhodesia kenaka South Africa, ndiwo anawotcha chipatala ndi sukulu za kwawo, n'kutenga anyamata ang'onoang'ono kukawasandutsa asilikali. Masana kunkabwera awa kufunsa kuti wadyetsa ndani, usiku kunkabwera awo kufunsa funso lomwelo. Anthu oposa 1 miliyoni anawolokera ku Malawi mtendere usanasainidwe ku Rome pa 4 October 1992. "Tinathawira kwa Kamuzu," anatero, "ndipo anthu ake anatipatsa malo ndi ufa. Koma tsiku loyamba anatinong'oneza kuti kuno dzina la mwini dziko silitchulidwa wamba."

Aphunzitsi aja anandiuza kuti ndisaganize kuti n'za ku Africa kokha. Pansi pa Stalin anthu mamiliyoni anafa ndi njala ku Ukraine mu 1932 ndi 1933, boma litalanda tirigu. Pansi pa Mao, pakati pa 1959 ndi 1961, anafa ochuluka kuposa pamenepo, akuluakulu a m'maboma akuopa kunena kuti m'nkhokwe mulibe kanthu. Ku Chile, Pinochet analanda boma mu 1973, natsegula misika kwa amalonda uku akuzunza ndi kusowetsa anthu zikwizikwi. Ndipo kwathu konkuno, thangata ya m'maesiteti a azungu, imene John Chilembwe anaukira mu 1915, sinali ya akomyunizimu. Inali ya eni minda ofuna phindu, boma la atsamunda likuwathandiza ndi msonkho wa nyumba.

"Ndiye zonse n'zoipa, aphunzitsi?"

Anati ayi. Ku Kerala, chigawo cha ku India kumene anthu amalima mpunga ndi kupha nsomba ngati ife, akomyunizimu analowa m'boma ndi mavoti mu 1957, ndipo kuyambira pamenepo akhala akupambana ndi kugonja pa zisankho, akagonja n'kutuluka. Ku Botswana, dziko la misika ndi makampani a diamondi, chipani chimene chinalamula zaka 58 chinagonja mu 2024 n'kupereka mpando popanda kuwomba mfuti. Ngakhale Kenneth Kaunda, amene anatseka zipani zina ku Zambia mu 1972, atagonja mu 1991 anachoka.

Usiku umenewo sindinagone msanga. Mzere wa pa bolodi uja unkandifunsa kuti chuma n'cha yani. Koma agogo ndi mkulu wa maukonde, amene anakhala mbali ziwiri za mzerewo, anandiuza nkhani imodzi: kapepala m'thumba, mnyamata pachipata, kuyang'ana kumbuyo usanalankhule. Ine ndikuona ngati funso limene silinalembedwe pa bolodi ndi ili: wogwira sikelo akakhala yemweyo wogwira chikwapu, yemweyonso woweruza mlandu, ndani angamuuze kuti ayi? Kaya ndikulakwa, akuluakulu mundikonze. Koma paliponse pamene ndafunsa, pamene panali munthu wotha kunena ayi n'kukagona kwake, anthu anapuma, kaya boma linkadzitcha dzina liti.

Pali china chimene chinandivuta, ndipo chili m'boma lathu lomwe lino. Pa chilumba cha Mbenje, m'dera la mfumu yaikulu Makanjira ya ku Salima, muli lamulo lolimba kuyambira zaka za m'ma 1950. Chaka chilichonse chilumba chimatsekedwa mu December n'kutsegulidwa mu April kuti utaka uswane. Mowa, chamba ndi juga n'zoletsedwa, amayi saloledwa kupondako, ndipo wophwanya lamulo amathamangitsidwa. Imeneyi si mphamvu ya munthu mmodzinso? Bwanji asodzi amaitamanda? Ndinafunsa amalume amene amapitako chaka ndi chaka. Anati lamulo la ku Mbenje aliyense amalidziwa asanakwere boti, silisintha usiku. Kutseka ndi kutsegula kumachitika pamsonkhano, anthu akuona. Mlandu umakambidwa ndi komiti, masana. Nsomba zikachuluka sizipita kunyumba ya mfumu yokha, aliyense amadzaza bwato lake. Ndipo amene sakufuna amakawedza kwina, palibe amutsata kwawo ndi unyolo. Ndinamva. Za amayi zokha ndidakali ndi funso, chifukwa amene amaanika ndi kugulitsa nsombazo ndi iwo, ndipo sindinamve kuti anafunsidwapo.

Nanga amene anamuuza Kamuzu kuti ayi anali ndani? Sanali maiko olemera, poyamba. Iwo anapitiriza kumupatsa thandizo zaka zonse za Mikuyu, chifukwa anali mnzawo polimbana ndi chikomyunizimu, ndipo Margaret Thatcher anabwera kudzacheza mu 1989. Anadzaimitsa thandizo lachitukuko mu May 1992, Soviet Union itagwa kale. Kodi za ku Mwanza anali asanamve? Amene anayamba anali maepiskopi a Katolika ndi kalata yawo imene inawerengedwa m'matchalitchi pa 8 March 1992. Kenaka Chakufwa Chihana, amene anamangidwa atangotsika ndege ku Lilongwe pa 6 April. Panalinso ophunzira a ku Chancellor College, ndi ogwira ntchito m'mafakitale a ku Blantyre amene ananyanyala mu May, ena n'kuwomberedwa. Pa referendamu ya pa 14 June 1993 anthu oposa 63 pa 100 aliwonse anasankha nyali ya matipate, kukana tambala wakuda wa chipani chimodzi.

Ndinawafunsa agogo kuti iwo anaponya kuti. Anati kwa tambala. Ndinadabwa, nditaona mmene anagwirira khadi lija. Anati, "Ankatiuza kuti matipate ndi nkhondo. Ife nkhondo tinkaiona ndi maso, anthu a ku Mozambique akubwera ndi mitolo pamutu. Ndinali ndi ana asanu ndi mmodzi. Ukanakhala iwe ukanatani?" Sindinawayankhe, ndipo sindiwaweruza. Koma ndinaona kuti kuipa kwa tsidya lina kunkagwiritsidwa ntchito kutseka pakamwa tsidya lino, ndipo mkulu wa maukonde akuti kwawonso ankawaloza ku Malawi ndi ku South Africa kuti aone mmene akapolo a azungu amakhalira.

Lero ndime timalima mwa ufulu, mbewu timasankha tokha, kaya Kilombero kaya Faya. Ogula si mmodzi. Nthawi yokolola mavenda amadzaza njira ndi njinga zamoto ndi malole. Koma ndili ndi mafunso ena. Bwanji onse amabwera ndi mtengo umodzi, ngati anagona nyumba imodzi? Chaka chatha thumba limene ndinayeza kunyumba linapepuka ndi makilogalamu atatu litangokwera pa sikelo ya wogula wina. Nditadandaula anati ndinyamule ndipite kwina, akudziwa kuti ndili ndi ngongole ya feteleza imene ndinatenga mu January pa katapila, ndipo mwini ndalama akundidikira pakhomo. Ndikapita kunyanja usiku, mwini boti ndi injini amayamba wachotsa za mafuta, n'kutenga theka la zotsala, theka linalo tigawane ife tonse amene takoka chilimira mpaka manja kutupa. Cha ku Senga Bay kuli malo amene agogo ankachapira, lero kuli mpanda mpaka m'madzi ndi mlonda pachipata. Palibe anandimenya, palibe anandifunsa khadi. Koma munthu wanjala amene sangathe kudikira sabata imodzi, ayi wake ali kuti?

Sindikunena kuti n'chimodzimodzi. Zimenezo zingakhale kunyoza anthu amene anafera ku Mikuyu ndi ku M'telela. Venda sangandinyamule usiku. Nkhani ino ndikulemba ndi dzanja langa ndipo ndikagona kwathu. Mu 2002 aphungu anakana kusintha malamulo kuti Bakili Muluzi aimenso. Pa 3 February 2020 oweruza asanu anafafaniza chisankho cha pulezidenti, ndipo tinavotanso mu June. Zimenezi mu 1983 ngakhale kuzilota kunali kuopsa. Komanso pa zionetsero za 20 July 2011 anthu 20 anafa m'misewu, pansi pa boma losankhidwa ndi mavoti. Ndiye chikwapu chija sichinatayidwe m'nyanja, chinangopachikidwa, ndipo wofuna kuchitsitsa sasowa.

Chimene chimandiopsa n'chakuti padooko ndimamva anzanga, obadwa pambuyo pa 1994 ngati ine, akunena kuti dziko lino likufunika munthu mmodzi wolimba, wosamva za makhoti ndi aphungu, kuti zinthu ziyende. Ena amaloza China, ena amaloza nthawi ya Ngwazi. Ndimawamvetsa, chifukwa mtengo wa feteleza tonse ukutiwawa. Koma ndimawafunsa kuti, munthu wolimbayo akadzalakwitsa mtengo wa mpunga wako, udzakadandaula kwa yani? Akadzafuna dooko lino kuti amangepo hotela, udzapita kukhoti liti? Amati tidzasankha wabwino. Kodi mu 1958, anthu atakhamukira ku Chileka kukalandira dokotala wochokera kunja, sankati alandira wabwino? Kodi mkulu wa maukonde sanalire ndi chimwemwe mu 1975?

Bambo awiri a mkangano aja ndinakumana nawonso mwera utaleka. Ndinawauza zimene ndamva kwa agogo ndi kwa mkulu uja, ndipo ndinawafunsa ngati m'dziko limene aliyense wa iwo akufuna mnzakeyo angaloledwe kumutsutsa chonchi pansi pa mtengo. Wa chisosholizimu anati zimenezo tidzaona chuma chikadzagawidwa. Wa misika anati bola malonda aziyenda, zinazo n'zapambuyo. Palibe anayankha kuti inde.

Mwezi wamawa tiyamba kumweta. Ndapempha a komiti ya pasikimu kuti pamsonkhano ukubwerawu tikambe zogula sikelo yathuyathu, yoti thumba lililonse liziyamba layezedwa pamaso pa alimi wogula asanalikhudze, ndiponso kuti buku la ndalama za madzi liwerengedwe mokweza, aliyense amve. Ena andiuza kuti ndine mwana, ndisaputeputa akuluakulu. Agogo anati apita nane, akakhala kutsogolo. Inu amene munaona khadi ndi maso anu, musapite nazo kumanda nkhanizi, tiuzeni ife adzukulu anu. Ndipo inu alimi anzanga, msonkhano uli Loweruka, 2 koloko masana. Ndikadzaimirira kufunsa za sikelo, musadzandisiye ndekha.